Kukukuta mano usiku si ufiti



Ine m'busa wanu ndimakukuta mano ndikagona. Ee, ine ndemwe. Anandiuza ndi Amayi busa, poti mwini wake sudzimva. Chimene ndinkadziwa ine n'chakuti m'mawa ndinkadzuka litsipa likuwawa, nsagwada zili gwa, ndipo ndikayasamula pafupi ndi khutu pankalira kuti thwa. Nthawi imeneyo n'kuti tikumanga tchalitchi, ngongole ya malata ili pakhosi.

Tinapemphera, kenako ndinapita kwa dokotala wa mano. Anandiuza kuti ndiike chala kutsogolo kwa khutu, nditsegule kukamwa. Tayesani nanunso pomwe mulipo. Chikusunthacho ndi polumikizira nsagwada ndi chigaza, ndipo pakati pake pali kachichereŵechereŵe kokhala ngati khushoni. Ukamaluma mano usiku onse, malo amenewa ndi minofu yake zimatopa. N'chifukwa chake ena amadandaula khutu pomwe khutulo lilibe vuto. Mano anga akumbuyo anapezeka ataperepeseka.

Zimene zimakolezera ndi nkhawa, khofi kapena tiyi wambiri madzulo, mowa, fodya, ndiponso mkonono uja woti munthu amabanika kutulo. Anandipangira kapulasitiki kovala m'mano pogona. Anati ndizithowa ndi kansalu kofunda, ndiyambe ndasiya nzimbe, chingamu ndi chimanga chokazinga. Cha nzimbecho chinandiwawa, musaseke. Anatinso masana milomo izikhala yotseka koma mano asamagundane. Lero ndikuyasamula bwinobwino, litsipa lija linapita. Ulemerero kwa Yesu!

Koma chandilembetsa ndi ichi abale anga. Kumidzi kwathu ngakhale m'tauni momwe, mwana akamakukuta mano ena amati akutafuna nyama ya anthu. Agogo akamatero, amati atulukira. Ana amenyedwa, okalamba athamangitsidwa pakhomo chifukwa cha phokoso la mano. Nanga ine mundinena kuti chiyani? Ana ambiri amakukuta mano ndipo amasiya okha akamakula. Dziwaninso kuti lamulo la dziko lino la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti.

Mwana wotere mubwere naye, timupempherera monga timapempherera wodwala aliyense, koma sindimuimika kutsogolo kuti aulule kanthu. Mumufunse mofatsa ngati china chikumuopsa kusukulu kapena pakhomo. Mano akayamba kutha, kapena kukamwa kukamakanika kutseguka, mupite naye kuchipatala, mbali ya mano.

Tionana Lachitatu ku mapemphero a madzulo.