Mmene mmisiri amaikira alamu m'galimoto

Alamu ya galimoto imabwera m'katoni muli zinthu zochepa: kabokosi kolamulira zonse, sayirini, marimoti, kachipangizo komva kugwedezeka, kababu kophethira, relay, ndi mtolo wa mawaya amitundumitundu. Zonsezi, kupatula marimoti, zimadalira batire ya galimotoyo, yomwe ndi ya mavoliti 12 m'galimoto zing'onozing'ono ndi 24 m'malole ambiri. Alamu ya 12 ikalumikizidwa ku lole ya 24 imapsa.

Galimoto zambiri zofika pa galaja ku Malawi kuno ndi zogwiritsidwapo kale ntchito ku Japan, zolowa kudzera padoko la Dar es Salaam ndi pachipata cha Songwe, monga Toyota Vitz, Probox, Sienta ndi Honda Fit. Zina zimabwera ndi rimoti yokiyira zitseko, ndipo eni ake amayesa kuti ali nayo kale alamu. Nthawi zambiri rimotiyo imangokiya basi. Wakuba akaswa galasi n'kutsegula chitseko cham'kati, galimoto imangokhala duu.

Ntchito imayambira pansi pa chiwongolero. Mmisiri amachotsa mapulasitiki a pamenepo n'kusaka mawaya atatu ofunika: wokhala ndi magetsi nthawi zonse, wobwera magetsi kiyi akatembenuzidwa, ndi wa zitseko. M'galimoto zambiri za ku Japan, chitseko chikatsegulidwa kaswichi kake kamagunditsa wayayo ku chitsulo cha galimoto, ndipo ndi chizindikiro chimenechi chomwe alamu imadikira. Mtundu wa waya ndi wosadalirika, chifukwa umasintha malinga ndi kampani komanso chaka cha galimoto. Waya aliyense amayezedwa ndi multimeter. Kababu koyezera magetsi, komwe amisiri ambiri anakulira nako, kamakoka magetsi ochuluka moti kakhoza kuwononga kompyuta ya galimoto zamakono, zomwe zipangizo zake zimatumizirana mauthenga pa mawaya awiri opiringizana otchedwa CAN bus. Pali mawaya enanso osakhudzidwa n'komwe. A mapulagi achikasu ndi a airbag. Zingwe zazikulu zamtundu wa lalanje m'galimoto za hybrid, monga Prius ndi Aqua, zimanyamula mavoliti oposa 100, okwanira kupha munthu.

Mawaya akadziwika, mmisiri amamasula mutu wa negetivi wa batire n'kudikira. Mabuku a Toyota amati padutse masekondi osachepera 90, kuti magetsi otsalira m'chipangizo cha airbag atheretu.

Polumikiza mawaya ndi pomwe amisiri amasiyanira. Wachangu amasenda waya, kupota, kukulunga tepi, n'kulandira ndalama yake. Alamuyo imagwira bwinobwino tsiku limenelo. Koma misewu ya maenje ndi kutentha kwa mwezi wa Okutobala zimamasula tepi, mfundo ija imachita dzimbiri kapena kugunda chitsulo, ndipo galimoto imayamba kulira yokha usiku, kapena kukana kuyaka. Mfundo yolimba imawotchereredwa ndi mtovu n'kuvekedwa kapaipi ka pulasitiki kofinyika ndi moto. Waya wobweretsa magetsi ku alamu amaikidwa fyuzi pafupi ndi pomwe wachokera, ndipo waya wa negetivi amamangidwa ndi bawuti pa chitsulo chopalidwa penti. Galimoto yopsa chifukwa cha alamu kawirikawiri imakhala kuti fyuziyo inadumphidwa.

Chitetezo chenicheni chili mu relay, yomwe imaletsa injini kuyaka alamu ikatcheredwa. Ena amaiika pa waya wa sitata, ena pa waya wa pampu ya mafuta. Kudula sitata kuli ndi ubwino wakuti relay ikawonongeka galimoto ili paulendo, injini imapitirizabe kuyenda. Kuipa kwake n'kwakuti galimoto ya magiya a pamanja ikhoza kulizidwa pongoikankha. Kudula pampu kumatseka mpata umenewu, koma mfundo yake ikamasuka injini imazima pakati pa msewu wa M1 galimoto ikuthamanga, chiwongolero n'kulemera. Mmisiri wosamala amasankha sitata, ndipo pampu amaikhudza pokhapokha mwini galimoto atamva bwino za chiopsezocho.

Kabokosi kaja kamabisidwa mkati kwenikweni mwa dashibodi, mawaya ake n'kukulungidwa ndi tepi yakuda kuti afanane ndi a kufakitale. Kakangolendewera pansi pa chiwongolero, wakuba amangozula pulagi. Sayirini imamangidwa mkati mwa boneti, kutali ndi kutentha kwa ekizosi, kukamwa kwake kutayang'ana pansi kuti madzi a mvula asalowemo. Waya wake amadutsa pa bowo la labala lomwe lilipo kale pakati pa injini ndi mokhala anthu. Pa boneti pamafunikanso kaswichi kakekake, popeza akuba ena safuna galimoto, amangofuna batire. Sayirini zodulirapo zimakhala ndi kabatire kawo mkati, moti zimalirabe batire yaikulu ikachotsedwa.

Kachipangizo komva kugwedezeka kamatchunidwa ndi kasikuluu, mmisiri akumenya matayala ndi magalasi ndi chikhatho. Eni galimoto amakonda kuti kazimva chilichonse. Zotsatira zake, alamu imalira bingu likagunda, lole ikadutsa, ngakhale mphaka akalumphira pa boneti, ndipo pakangotha sabata anthu oyandikana nawo nyumba amasiya kusuzumira panja.

Batire ikabwezeredwa, chitseko chilichonse chimayesedwa pachokha, kuphatikizapo buti ndi boneti, komanso kuti maindiketa akuphethira ndi kuti zitseko zikumvera rimoti. Kenako amayeza magetsi omwe galimoto ikudya ili chizimire. Amisiri ambiri amafuna kuti onse pamodzi asapitirire mamiliampu 50, apo ayi galimoto yongokhala masiku angapo imapezeka batire itatha.

Mwini galimoto asanachoke amaonetsedwa kaswichi kobisika kozimitsira alamu, komwe kamagwira pamodzi ndi kiyi rimoti ikatayika kapena batire yake ikatha, komanso pomwe pali fyuzi ndi relay. Zimenezi n'zofunika kuzilemba papepala losungidwa kunyumba osati m'galimoto, chifukwa makaniko wina wodzakonza sitata m'tsogolo adzafuna kudziwa kuti waya wake unadulidwa pati.