Reverb idandiphunzitsa kumvetsera

Chaka chatha dalaivala wina wa thiraki, podutsa pachipata cha Mwanza kuchokera ku Joni, adandibweretsera kachipangizo ka reverb koponda ndi phazi. Kamachititsa gitala yamagetsi kumveka ngati ukuimbira m'tchalitchi chachikulu: ukakhudza nsambo, mawu amatsalira pang'ono asanazilale.

Chimwemwe chidandipitirira. Pamapemphero a SCOM kusukulu kwathu ndidapotokola mabatani a mix ndi decay mpaka kumapeto. Holo yathu ndi ya malata ndi simenti, ndipo imabweza mawu payokha. Gitala idangosanduka chiphokoso ngati mvula padenga, ana a kwaya nkusokonekera poyambira. Titamaliza, mtsikana wina wa Fomu 3 adandiuza mwaulemu kuti, "Aphunzitsi, sitimamva pomwe mumasinthira."

Ndidachita manyazi, chifukwa kunena zoona ndinkabisa ulesi wa zala zanga m'chiphokosomo.

Masiku ano tikakhala m'holo reverb ndimaitsitsa kwambiri. Ndimaikweza pang'ono tikamaimbira panja, pomwe palibe makoma obweza mawu. Madzulo ndimayeserera popanda kachipangizoka kuti ndizimva zolakwa zanga.

Oimba anzanga, yambani mwamvetsera chipinda musanaponde reverb. Mchere ukachuluka, ndiwo sizidyeka.

Mphunzitsi, Mwanza