Imeneyo ndi Ina, Ili ndi Tsiku Lake

Kwathu ku Dedza, chakufupi ndi Linthipe, milandu inkakambidwa pansi pa kachere, kuseri kwa nyumba ya anyakwawa. Ife anyamata sitinkaloledwa kuyankhula, koma kumvetsera sankatiletsa. Amfumu ankangokhala duu mpaka nthawi yogamula. Amene ankagwira ntchito yaikulu anali anduna, mkulu wina wamfupi wa mawu apansipansi, amene ankaonetsetsa kuti nkhani yomwe yabwera ndi yomweyo ikukambidwa.

Tinene kuti mbuzi za bambo wina zadya chimanga cha mayi wamasiye. Mayiyo ankagwada n'kufotokoza. Anduna ankabwereza mawu ake onse kuti aliyense amve, kenako n'kufunsa: "Mayi, pali chimene ndasiya kapena ndawonjeza?" Tsono mwini mbuzi, m'malo moyankha, ankayambira kutali: malemu amuna awo anapita ndi ngongole yanga ya thumba la mtedza, mwana wawo anatukwana akazi anga kuchitsime. Apo anduna ankawomba m'manja pang'onopang'ono. "Bambo, imeneyo ndi ina. Lero tabwerera mbuzi. Zinalowa m'munda kapena sizinalowe?"

Sikuti ngongoleyo inkatayidwa ayi. Mlandu wa mbuzi ukatha, anduna ankamuuza bamboyo kuti ngati za mtedzazo zikumupwetekadi, abwere ndi nkhuku yake ya chabwalo, apatsidwe tsiku lake. Ena ankabweradi, n'kuthandizidwa. Ambiri sankabwera, chifukwa ngongoleyo anaikumbukira pofuna kuphimba za mbuzi basi.

Ndili mwana ndinkaona ngati anduna ankangofuna kusunga nthawi. Nditakula ndinazindikira amene lamuloli linkawateteza. Nkhani zikasakanizika, wopambana amakhala wa pakamwa, wa abale ambiri, wotha kukumba za makedzana. Mayi wamasiye uja ali ndi dandaulo limodzi lokha, ndipo analiloweza usiku wonse akunjenjemera. Mukalola kuti pabwere nkhani zinayi, iye asokonezeka, ayamba kudziteteza pa zomwe sanakonzekere, chimanga chake n'kuiwalika. Sindikunena kuti mabwalo aja analibe kukondera. Kunalipo, makamaka mlandu ukakhudza mbale wa amfumu. Koma pa ichi chokha, osauka ankapuma.

Nkhani inalinso ndi khomo lake lolowera. Za m'banja zinkayambira kwa ankhoswe. Za pa abale zinkapita kwa mwinimbumba, amalume. Zikakanika ndiye kwa anyakwawa, kenako kwa agulupu, mpaka kwa mfumu yaikulu. Munthu akalumpha n'kukagwa kwa agulupu, funso loyamba linali lakuti, "Kwa anyakwawa anu mwadzerako?" Akati ayi, ankamubweza. Ndipo amene ankatula nkhani imodzi uku ndi uko, kufunafuna pomwe angamukomere, ankauzidwa kuti mapanga awiri avumbwitsa. Mafumu oyandikana ankafunsana, choncho wotereyu sankachedwa kudziwika, ndipo ulemu wake unkathera pomwepo.

Zinthu zinayamba kupindika mu nthawi ya chipani chimodzi, kuchokera mu 1966. M'midzi munabwera khomo lina, la atcheyamani a chipani. Munthu woluza mlandu wa malire a munda pabwalo anapeza njira yachidule: kukanena kuti mnzakeyo alibe khadi, kapena kuti anayankhula zonyoza Ngwazi pa mowa. Nkhani ya mizere itatu ya m'munda inkasanduka ya kuukira boma, ndipo pamenepo panalibe anduna oti anene kuti imeneyo ndi ina. Masiku amenewo anthu ankatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu ku Dzaleka ku Dowa ndi ku Mikuyu ku Zomba, ndiye kungomva kuti dzina lako latchulidwa kwa atcheyamani, munthu unkausiya mundawo wekha. Akuluakulu a kwathu ankadziwa bwino lomwe kuti gwero lake ndi malire. Ankangoyang'ana pansi. Mpaka lero mtima umandiwawa ndikakumbuka nkhope zawo.

Matipate atabwera mu 1994, mantha aja anachoka, ndipo ndinakondwera ngati wina aliyense. Koma kusakaniza nkhani kunasamukira kumaliro. Kale pamaliro oyankhula anali ochepa: wa kubanja kufotokoza m'mene malemu anadwalira, amfumu kupepesa ndi kuthokoza adzukulu, kenako ampingo. Uthenga wa maliro unkayamba wafika kwa amfumu anthu asanayambe kulira mokweza. Tsopano bokosi lili pabwalo, dzuwa likuswa mtengo, wina waimirira kufotokoza za mjigo umene adzakumbe akamuvotera. Anamfedwa akhala pamphasa kudikira kuti aike m'bale wawo.

Za m'banja nazo zikufika ku Johannesburg pa foni ankhoswe a pakhomo lomwelo asanazimve. Mdzukulu wanga wina atayambana ndi mkazi wake, anauza abusa, anzake a kuntchito, achimwene ake a kunja ndi apongozi, aliyense mosiyanako pang'ono. Tsiku lokhala pansi litafika, tinataya m'mawa wonse kulongosola kuti ndani anamva chiyani ndipo anamva kwa yani. Pofika masana ndinafunsa mtsikanayo chomwe chinamuchotsa m'nyumba. Inali ndalama ya feteleza imene mwamunayo anabwereketsa osamuuza. Tinaikamba imeneyo yokha, ndipo mwamunayo analonjeza kubweza akagulitsa soya.