Mbewu za Mpiru

Mkazi wanga atagona pamphasa kwa miyezi isanu, mnyamata wina amene ndidamphunzitsa kale adandibweretsera buku lotchedwa The Secret, limene Rhonda Byrne wa ku Australia adatulutsa m'chaka cha 2006. "Aphunzitsi, werengani ili, amayi achira," adatero mwachifundo. Mfundo ya bukulo ndi yakuti maganizo a munthu amakoka zinthu zofanana nawo: woganiza za chuma ndi thanzi amazipeza, woganiza za matenda amadziitanira matendawo. Chiphunzitsochi si chachilendo, pakuti Norman Vincent Peale wa ku America adalemba zofananako m'chaka cha 1952.

Ndidachigwira ndi manja awiri. Ndidaletsa ana kulira pafupi ndi mayi awo. Iye akafuna kusiya mawu a za munda ndi za ana, ndinkamdula pakamwa, ndi kumuuza kuti aziganiza za kuchira kokha. Adamwalira mawuwo ali m'kamwa. Maliro atatha, funso lina lidandisowetsa tulo: ngati maganizo ndiwo amakoka zonse, adaitana imfa m'nyumba mwathu ndani, iye kapena ine? Apa ndipo ndidazindikira kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Patapita chaka ndidawerenga za Siddhartha Gautama, amene amatchedwa Buddha. Iye adabadwira ku Lumbini, m'dziko la Nepal la lero, zaka pafupifupi 2,500 zapitazo. Abuda amasimba za mayi wina, Kisa Gotami, amene adanka kwa iye atanyamula mwana wake wakufa, napempha mankhwala. Buddha sadamuuze kuti aganize bwino kuti mwanayo adzuke. Adamtuma kukapempha mbewu za mpiru kunyumba imene simudagwepo maliro. Mayiyo adayenda khomo ndi khomo. Mpiru udalipo paliponse, koma nyumba yotereyo sidapezeke. Potero adamvetsa kuti imfa si ya iye yekha, ndipo adakaika mwana wake m'manda.

Ziphunzitso ziwirizi zimagwirizana pa mfundo imodzi, yakuti mtima wa munthu uli ndi mphamvu ndipo uyenera kuphunzitsidwa. Koma zimasiyana kwambiri pa cholinga. Buku la Byrne limayesa maganizo ngati mbedza yokolera zimene tikukhumba. Buddha, polalikira koyamba ku Sarnath, adaloza chala pa khumbo lenilenilo. Adaphunzitsa zoona zinayi: kuti kuvutika kulipo, kuti gwero lake ndi ludzu lofuna ndi kukakamira zinthu zosakhalitsa, kuti ludzulo lingathe kuzimitsidwa, ndiponso kuti pali njira ya mbali zisanu ndi zitatu yolizimitsira, monga kulankhula zoona, kuchita zolungama ndi kusinkhasinkha mwatcheru.

Zimasiyananso pa nkhani ya choonadi. Chiphunzitso cha masiku anochi chikalephera, mlandu umagwera wodwalayo kuti sadakhulupirire mokwanira. Koma Buddha adalangiza anthu a fuko la Kalama kuti asavomere chinthu chifukwa cha mphekesera, mwambo kapena ulemu wa mphunzitsi, koma aone ngati zipatso zake zikubweretsa ubwino kapena tsoka. Si onse a makono amene adasokera. Jon Kabat-Zinn adayambitsa maphunziro a kusinkhasinkha pachipatala cha sukulu ya ukachenjede ku Massachusetts m'chaka cha 1979, ndipo cholinga chake chidali kuthandiza odwala kupirira ululu, osati kuwalonjeza zozizwitsa.

Ine ndine Mkhristu ndipo sindidasiye mpingo wanga. Komabe nkhani ya mayi uja idandimasula ku mlandu umene sindidapalamule, nindisiyira umene ndidapalamuladi: ndidamana mkazi wanga mpata wotsazika. Inu amene mukukula m'nyengo ya mabuku ambiri olonjeza mwayi, chiphunzitso chilichonse muzichifunsa kuti chidzanena chiyani pa tsiku la maliro. Ndipo wodwala wanu akafuna kulankhula, khalani pansi, mumvetsere.