ULENDO WA PA CISUMBU CA LANZAROTE, KUMENE ALIMA MPHESA M'MAENJE

Sabata ino ndayamba ndaika pambali nkhani ya nkhokwe ndi anankafumbwe, cifukwa ndifuna kukuuzani za ulendo wa tsiku limodzi umene ndinayenda pa cisumbu cina ca m'nyanja ya mcere, pa masiku opumula pamene ndinali ku maphunziro a malimidwe ku Spain. Dzina la cisumbuco ndi Lanzarote. Ndi cimodzi ca zisumbu zochedwa Canary, zimene ziri m'manja mwa Boma la Spain ngakhale ziri pafupi ndi Africa. Kucokera pa gombe la Morocco kufika pamenepo ndi makilomita ngati 125.

Ulendowo ndi wolipira. Pali makampani amene ali ndi magalimoto olimba, onga Land Rover, otengera alendo m'njira za miyala kumene basi singapite, ndipo pakati pa ulendo amakawalawitsa vinyo. Ndalama zimene ndinalipira zikadagula thumba la feteleza kuno kwathu, kotero kuti usiku wonse ndinali kudzifunsa ngati sindinataye cuma cabe. Werengani mpaka pa mapeto ndipo muweruze ndinu.

Tinanyamuka pa Puerto del Carmen nthawi ya 9 koloko m'mawa, m'mwezi wa May. Tinalimo alendo asanu ndi mmodzi, ndi woyendetsa amene analinso wotilongosolera zinthu. Posacedwa tinasiya mseu wa phula ndi kuyamba kukwera m'mbali mwa phiri la Guardilama. Galimoto inali kudumpha, pfumbi linali kulowa m'maso ndi m'kamwa, ndipo amene tinakhala kumbuyo tinali kugundana mitu. Titafika pamwamba woyendetsa anazimitsa injini natiuza kuti titsike tione.

Tsono tayerekezani kuti mwaima pa phiri ndipo mukuyang'ana cigwa cacikuru. Simukuona mtsinje, simukuona nkhalango, ngakhale udzu. Dziko lonse ndi lakuda bii, monga lupsa moto utangopita. M'dziko lakudalo muli maenje osawerengeka, kuyambira m'cigwa mpaka kukwera m'mapiri. Dzenje liri lonse liri ndi kampanda ka miyala mbali imodzi, kokhota ngati mwezi wongooneka kumene, ndipo pansi pa dzenje pali kanthu kobiriwira. Kanthu kameneko ndi mpesa, ndipo dera limenelo lichedwa La Geria.

Muyenera kumva cimene cinadetsa dzikolo. Pa 1 September 1730 nthaka inang'ambika pafupi ndi mudzi wa Timanfaya, ndipo munaturuka moto, miyala yosungunuka ndi phulusa. Wansembe wa ku Yaiza, dzina lace Andrés Lorenzo Curbelo, analemba zimene anaona masiku amenewo. Mapiri anapitiriza kuphulika mpaka caka ca 1736. Pafupi-fupi gawo limodzi la magawo anai a cisumbu linakwiririka, pamodzi ndi midzi yambiri ndi minda imene inali kubala tirigu ndi barele koposa minda yonse. Anthu ambiri anathawira ku zisumbu zina. M'caka ca 1824 moto unabukanso, koma sunaononge monga poyamba. Woyendetsa anatiimitsa pa phiri lochedwa Volcán del Cuervo, limene linayamba kuphulika, ndipo tinalowa ndi miyendo m'kati mwace. Tsopano muli zii, mungomveka mphepo.

Anthu amene anatsala anapeza minda yao itakwiririka ndi phulusa, pena mita imodzi, pena mamita awiri kapena atatu. Mvula ya kumeneko ndi yocepa kwambiri, mamilimita ngati 150 pa caka, pamene ku Lilongwe zaka zambiri imaposa 800. Mphepo ya kumpoto cakum'mawa iomba miyezi yambiri osaleka. Inu mukadakhala pamenepo mukadacita ciani? Iwo anakumba maenje mpaka anapeza nthaka yao yakale pansi, nabzyala mipesa ndi mikuyu m'menemo. Anadabwa kuona kuti mbeuzo zinali kukula bwino koposa kale.

Ndinafuna kuona ndi manja anga cifukwa cace. Tinapeza bambo wina wacikulire ali m'dzenje ndi fosholo, akuturutsa phulusa limene linagumukira pa mpesa wace. Ndinapempha woyendetsa kuti andimasulire mau, ndipo ndinati, “Bambo, kodi mungandilole kuti nditsike ndikhudze nthaka yanu?” Iwo anaseka nandikodola ndi dzanja. Pamwamba phulusalo linali louma ndi lotentha. Ndinafukula ndi zala mpaka mkono unalowa, ndipo pansipo ndinapeza pozizira ndi ponyowa, dothi lomata m'manja. Bambowo anati mvula inali itagwa komariza masabata ambiri apitawo, ndipo iwo sanathirirepo madzi ngakhale ndowa imodzi.

Phulusa limeneli si longa la pa moto wa nkhuni. Ndi timiyala tating'ono takuda, topepuka, tokhala ndi timabowo tambiri, ndipo eni ace amati picón. Mvula ikagwa imapyola msanga m'timiyalato ndi kulowa m'nthaka, osathamanga pamwamba ndi kukokolola. Dzuwa likaturuka limaomba timiyala tokha, nthaka iri pa mthunzi, ndipo cinyontho sicithawa. Usiku timiyalato timagwira mame. Udzu numera wocepa. Kampanda kaja kamachinga mphepo, ndipo amakamanga popanda matope kapena simenti, kuti mphepo idzipyola pang'ono-pang'ono m'mipata m'malo mogwetsa mpanda wonse.

Musaganize kuti ndi ulimi wa ulesi. Maenje ena ndi akuya kuposa msinkhu wa munthu, ndipo thirakitala singalowemo. Kudulira, kupalira, kuturutsa phulusa ndi kuthyola mphesa, zonse ndi za manja, kutsika ndi kukwera dzenje limodzi-limodzi. Kale ngamila ndizo zinali kusenza mphesa kupita nazo koponderako. Pa hekitala imodzi pamakhala mipesa mazana owerengeka okha, pamene m'maiko ena amabzyala zikwi. Amakolola m'miyezi ya July ndi August, ndipo zokolola ndi zocepa. Ndico cifukwa cace vinyo wa kumeneko ndi wokwera mtengo. Bambo aja anadandaula kuti ana ao akonda nchito ya m'mahotela, ndipo sadziwa amene adzatsika m'maenjewo iwo akadzafooka. Ndinakumbuka madandaulo a makolo ambiri kuno kwathu.

Pocoka pamenepo tinadzera ku Masdache, kumene kuli nyumba yopangira vinyo yochedwa El Grifo, imene inayamba m'caka ca 1775 ndipo ndiyo yakale koposa zonse pa zisumbu za Canary. Ife tinakalawa pa nyumba yina yaing'ono. Anatipatsa matambula atatu, m'modzi-m'modzi muli vinyo wongokwanira kunyowetsa lilime. Kuno kwathu mutapatsa mlendo cikho cotere angati mwamnyoza. Koma kumeneko colinga ndi kulawa. Amayamba ayang'ana maonekedwe ace, kenaka anunkhiza pfungo, ndipo pomariza amwa pang'ono. Woyamba anali woyera, wa mphesa zochedwa Malvasía, wowawasa pang'ono ndi wosatsekemera. Waciwiri anali wofiirira. Wacitatu, wa mphesa za Moscatel, anali wotsekemera ngati uci. Anatipatsanso cizi ca mkaka wa mbuzi, ndi mbatata ya kacewere yophika ndi makoko ace m'madzi a mcere wambiri, yodyera tsabola wosinja ndi adyo ndi mafuta.

Ndinakondwa kuona kuti woyendetsa wathu anamwa madzi okha. Koma mlendo mmodzi anamwa matambula ace ndi a mkazi wace, nagulanso lina lodzaza. Titabwerera m'njira ya miyala galimoto inaima kawiri cifukwa ca iye, ndipo zonse zimene tinaona madzulo iye sanazione. Analipira ndalama zofanana ndi zathu.

Madzulo tinapita cakumpoto, kumene dziko lisanduka loyera. Mphepo imatenga mcenga pa gombe la Famara ndi kuuwaza pakati pa cisumbu. Mcengawo amati jable, ndipo ugwira nchito yomweyo ya kuphimba nthaka. Alimi amafukula mpaka pa dothi, aika manyowa, nabzyala mbatata ya kholowa ndi mabvwende. Pochinga mphepo amazika mapesi a mbeu yonga tirigu m'mizere. M'madera ena kumene phulusa silinagwe, alimi amacita kulituta ndi kuliyala okha pa minda yao, nabzyalamo anyezi, mphodza ndi cimanga.

Pa cisumbu conse palibe mtsinje woyenda caka conse. Nyumba zakale ziri ndi zitsime zomanga pansi, zolandira madzi a mvula ocokera pa denga ndi pa bwalo. M'caka ca 1964 anamanga makina ocotsa mcere m'madzi a m'nyanja ku Arrecife, mzinda waukuru wa cisumbuco, ndipo madzi akumwa lero acokera m'makina otere. Pakati pa cisumbu, pafupi ndi Mozaga, tinaona cipilala cacitali coyera cimene César Manrique anakonza m'caka ca 1968 polemekeza mlimi. Anacimanga ndi matanki akale a madzi a m'zombo. Ndinaima pamenepo kanthawi, cifukwa si kawiri-kawiri munthu wa khasu amamangiridwa cipilala.

Tsono ndinene zimene sizinandikomere. Coyamba, pa pepala loitanira alendo panali cithunzi ca m'kati mwa malo osungidwa a Timanfaya, amene Boma linawapatula m'caka ca 1974. Koma m'njira ya m'kati mwa mapiriwo mumayenda mabasi okha, ndipo ife tinangozungulira m'mphepete. Ndikadafunsa ndisanalipire ndikadadziwa. Akuru anati safunsa anadya phula. Caciwiri, m'munda tinakhalamo mphindi khumi zokha, koma pa sitolo yogulitsa vinyo tinakhala ora lathunthu. Woyendetsa anali kudziwa maina onse a vinyo, koma nditamfunsa za nthawi yodulira ndi za manyowa anati ndifunse alimi. Cacitatu, mipando ya kumbuyo ndi yolimba. Munthu wodwala msana kapena mai woyembekezera asakwere galimoto yotere. Cimene ndinayamika ndi cakuti woyendetsa sanapatuke m'njira ngakhale kamodzi, cifukwa mateyala akaponda phulusalo cipsera cace cimakhala zaka zambiri, ndipo lamulo liletsa.

Mwina mukufunsa kuti, nanga ife tipindulanji ndi nkhani ya mphesa, pamene tilibe mapiri ophulika? Tamverani. Cimene cisunga mipesa ija ndi cophimba pamwamba pa nthaka, ndipo cophimba ife tiri naco. Ndi mapesi a cimanga, masangwi a mtedza, udzu ndi masamba, zimene ambiri a ife timazitentha m'mwezi wa September posaka mbewa kapena pososa. Anzathu aja amacita kugula ndi kututa cophimba cao pa galimoto, pamene ife timayatsa cathu ndi macesi. Dzenje nalo tilidziwa. Alimi ena kuno ayamba kale kubzyala cimanga m'maenje othira manyowa, ndipo mtengo wa mango kapena wa malalanje wobzyalidwa m'dzenje lokhala ndi beseni lolandira madzi umapirira cilimwe. Mpanda wochinga mphepo tingaupange ndi udzu wa vetiva, nandolo kapena mitengo m'malire a munda.

Koma cenjerani pa zinthu ziwiri. Musathire phulusa la pa moto locuruka pa mbeu zanu poganiza kuti mukutsanzira anthu a ku Lanzarote, cifukwa likacuruka limaocha mizu ya mbeu zanthete. Ndiponso musakumbe maenje m'dambo kapena m'dothi la makande losunga madzi. Mvula yathu imagwa yambiri nthawi imodzi, ndipo mbeu zingabvunde m'madzi. Maenje ayenera malo ouma, kumene ng'amba imabvuta.

Ndikupemphani cinthu cimodzi caka cino. Patulani kadera kakang'ono m'munda mwanu, mapazi khumi m'litali ndi khumi m'lifupi. Musatenthepo. Yalanipo mapesi mpaka dothi lisaoneke, ndipo bzyalani monga mwa masiku onse. Ng'amba ikadzafika mu January kapena February, mudzapite masana dzuwa liri pamutu, mudzalowetse dzanja pansi pa mapesiwo, kenaka mudzalowetse pa mzere wosaphimba. Mudzatengenso ana anu kuti adzakhudze okha. Zimene mudzapeza mudzauze mlangizi wa kwanu, kapena mudzalembe kalata ku nyuzi ino kuti anzanu adzamve.

Za thumba la feteleza lija, ine ndaona kuti silinatayike. Vinyo ndinamuiwala kukoma kwace ndisanafike ndi kwathu komwe, koma dothi lozizira lija la m'dzenje la bambo aja ndikali kulikumbuka. Wina wa inu, kapena mwana wanu wa pa sukulu, akadzapeza mwai wofika kumeneko, adzakwere galimotoyo, adzakhale mpando wa kutsogolo, adzatenge cipewa ndi madzi akumwa, ndipo adzapemphe woyendetsa kuti acedwe m'munda koposa pa sitolo.

Sabata ya mawa tidzabwerera ku nkhani ya nkhokwe. Tsalani bwino nonse.

Ine wanu,
Mlangizi wa Malimidwe