Chala Chimodzi M'mwamba

Mlongo wanga anafika kumadrasa tsiku lina ana atangoweruka, nakhala pakhonde nthawi ndithu osatsegula pakamwa. Mwana wake wachisamba, amene ine ndemwe ndinamuphunzitsa alifu ndi baa ali ndi zaka zisanu, anali atatha zaka zinayi ku Durban, ndipo kwa miyezi ingapo foni yake inkangolira osayankhidwa. Akayankha, ankangoti ali bwino, n'kudula. "Achimwene," anatero mlongo wangayo, "mwinimbumba ndinu. Pitani mukamuone ndi maso." Kuno kwa Nthache mawu oterowo sayankhidwa ndi pakamwa. Ndinagulitsa mbuzi ziwiri, ndi kusiya ana m'manja mwa mwalimu mnzanga.

Njira yake ife a ku Mwanza timaidziwa pamtima ngakhale tisanaiyende, popeza mabasi a ku Joni amadutsa pakhomo pathu: Zobue, Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge, kenako Park Station mu Johannesburg. Kumeneko ndinakwera basi ina yotsika ndi msewu wa N3, mtunda wa makilomita oposa 550, ndikufupikitsa ndi kuphatikiza swala monga mmene chilamulo chimalolera wapaulendo. Tinalowa mu Durban m'mawa wa tsiku lachitatu. Mpweya wake unali wolemera ndi wonyowa, womata pakhungu.

Mnyamatayo anali akundidikira pa siteshoni, ataonda koma wamoyo, Alhamdulillah. Atandilandira chikwama anandinong'oneza: "Amalume, tikakwera tekisi musalankhule. Muzingoona zimene ndikuchita ine." Ndinadabwa, pakuti ntchito yanga yonse ndi ya mawu, ndipo amene ankandiletsa kuyankhulayo ndi mwana yemwe ndinkamukalipira kuti akweze mawu powerenga.

Chimene iwo amatcha tekisi ndi minibasi yathu yomwe ija, koma mayendedwe ake ndi ena. Munthu amaima m'mbali mwa msewu n'kukweza dzanja, ndipo dalaivala amawerenga zala: chala chimodzi cholozera m'mwamba ndiye kuti ukupita m'tauni, ndipo madera ena ali ndi zizindikiro zawozawo. Ndalama zimasonkhanitsidwa pampando uliwonse n'kumapatsirana kupita kutsogolo, chenje n'kubwerera njira yomweyo popanda kusowa ngakhale senti. Pofuna kutsika umangotchula mawu awiri kapena atatu, akuti akutsitse mukadutsa maloboti. Njira zambiri zimakathera ku Warwick, kumene masiteji a matekisi, sitima za pamtunda ndi misika zinalukana pamodzi, ndipo pamilatho yodutsa pamwamba pa njanji pali ogulitsa zitsamba, zovala ndi mikanda. Chisokonezo cha ku Limbe ndi kamwana poyerekeza ndi pamenepo. Komabe munthu wosadziwa Chizulu angathe kudutsa mzinda wonsewo ndi chala, ndalama zokwanira ndendende, ndi mawu awiri aja.

Ndinamvetsa pambuyo pake chifukwa chimene ana athu amaikondera njira yachete imeneyi. Mu April 2015 alendo ochokera m'mayiko ena a mu Africa anathamangitsidwa m'nyumba zawo ku Isipingo ndi madera ena a Durban, ndipo boma la Malawi linatumiza mabasi kukatenga anthu ake. Mabasi amenewo ife tinawaona akulowa pachipata cha Mwanza. Anthu ambiri amene ndinakhala nawo m'matekisi anali aulemu, ena anandisunthira malo poona imvi zanga. Koma mnyamata wathuyo anaphunzira kuti lilime ndi limene limamuulula, choncho amalisunga m'kamwa kuyambira pakhomo mpaka pa shopu imene amanyamulako katundu.

Lachisanu iye anali ku ntchito m'mawa, ndipo tinapangana kukakumana ku mzikiti waukulu wa Grey Street. Ndinakweza chala, tekisi inaima, ndipo mumtima ndinanyada ngati mwana amene wamaliza juzu yoyamba. Kunyadako sikunakhalitse. Nditatsika ndinayang'ana zikwangwani osapeza Grey Street paliponse, chifukwa msewuwo unasinthidwa dzina kukhala Dr Yusuf Dadoo. West Street tsopano ndi Dr Pixley KaSeme, Smith Street ndi Anton Lembede, Point Road ndi Mahatma Gandhi, koma pakamwa pa anthu mayina akale sanachoke. Mlendo amayenda m'mizinda iwiri nthawi imodzi, wina wolembedwa, wina wolankhulidwa. Chinandithandiza ndi malangizo amene mnyamatayo anandipatsa usiku: nyanja ili kum'mawa, chitunda cha Berea chili kumadzulo, ndipo ukasokera uziyamba wapeza ziwirizi. Nditaziika m'malo mwake ndinaona nsanja za mzikiti, moyandikana ndi tchalitchi chachikulu cha Akatolika cha Emmanuel.

Mzikiti umenewu unayamba m'zaka za m'ma 1880, pamalo amene anagula amalonda ochokera ku India, mmodzi mwa iwo Aboobaker Amod Jhaveri, ndipo umalowa anthu masauzande angapo. Khomo lake lili pakati pa mashopu, moti wosadziwa angalipitirire. Pamalo ochitira wudhu ndinamva munthu kumbuyo kwanga akuuza mnzake kuti asunthe pang'ono, m'Chiyao chenicheni cha ku Mangochi, wina n'kumuyankha m'Chichewa. Ndinatembenuka ndi madzi kumaso n'kupereka salaam mokweza, koyamba m'masiku anayi. Ataswali anthu, pabwalo panali ngati pa msika wa Mwanza: osoka zovala, ophika, alonda, ogwira ntchito m'mizikiti ya m'madera, onse akufunsana za kumudzi. Mphwangayo ndinamupeza pakati pawo akuseka, mawu ake atabwerera.

Madzulo ake ananditengera ku Point, kumene zombo zimalowera padoko. Zina zinali zitandanda kutali panyanja kudikira malo, ndipo china chinadutsa patsogolo pathu pang'onopang'ono, makontena atasanjikizana ngati nyumba zam'mwamba. Ena mwa makontena otero ndi amene timawaona pamalole akudikira pachipata chathu. Tsidya lina la khomo la dokolo kuli chitunda cha Bluff. Mu 1873 anayamba kufika ku Durban anthu olanditsidwa m'zombo za ogulitsa akapolo, ambiri a iwo Amakua, amene chilankhulo chawo n'chachibale ndi Chilomwe. Asilamu mwa iwo anakhazikika ku Kings Rest pa Bluff pomwepo, mpaka malamulo a tsankho anawasamutsira ku Chatsworth kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Amatchedwa Amazanzibari mpaka lero. Ndinamufotokozera mnyamatayo zimenezi, mwina chifukwa mphunzitsi sasiya kuphunzitsa, mwinanso pofuna kuchedwetsa funso limene ndinadzera.

Analiyankha ndisanalifunse. Pasipoti ya Malawi imapatsidwa masiku 30 okha polowa m'dzikomo, ndipo iye anawapitirira kalekale. Malamulo a kumeneko akuti wopitirira masiku oposa 30 amaletsedwa kubwereranso kwa zaka zisanu. Akabwera kumudzi, ntchito yatha. Akakhala, amayenda moyang'ana kumbuyo. Abwana ake anali atamudula malipiro, ndalama yotumiza inasowa, ndipo manyazi ndi amene anazimitsa foni. "Amalume, mayi ndikanawauza chiyani?" Ndinali nditakonza ulaliki wonse wa za udindo wa mwana kwa mayi ake, ndi maumboni ake. Sindinaunene. Ndinatulutsa foni yanga, n'kuimba kwa Nthache, n'kumupatsira. Ndinasuntha pang'ono kuti ndisamve, ndikuyang'ana kaboti kakang'ono kakukankha chombo chija kulowa padoko.

Tinagwirizana kuti agwire ntchito mpaka Ramadhan ikubwerayi, asunge ya basi ndi ya malata, kenako abwere, In shaa Allah, ngakhale chiletsocho chimugwere. Ngati adzasunge panganolo, Allah ndiye akudziwa. Tsiku lonyamuka anandiperekeza pamsewu m'bandakucha. Tekisi itaonekera patali anayamba kukweza dzanja, kenako analitsitsa, nandiyang'ana. Ndinakweza chala ine, ndipo inaima.