Kutsanzikana ndi Noordhoek katundu asanamangidwe

Mmalawi akamakonzekera kubwerera kumudzi kuchokera ku Joni, masabata ake omaliza amathera m'masitolo. Amagula mabulangete, mapoto, wailesi, mwinanso njinga, n'kulongedza zonsezo m'zikwama zikuluzikulu zokwera nazo basi yodzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka pa chipata cha Mwanza. Mwambo umenewu ndi wakalekale. Agogo athu amene ankapita kumigodi kudzera ku Wenela, boma lisanaimitse maulendowo m'chaka cha 1974 ndege itagwa ku Francistown ndi kupha Amalawi oposa 70, ankabweranso ndi katundu wotere. Komabe ambiri a iwo ankafika kwawo akudziwa mgodi ndi komponi basi. Dziko lomwe adalikhetsera thukuta sadalione.

Vuto limeneli lidakalipo. Kumwera kwa mzinda wa Cape Town kuli Amalawi ambiri osamalira maluwa m'nyumba za anthu, ophika, omanga nyumba ndi osamalira akavalo. Ena akhala zaka zisanu akumva mkokomo wa nyanja usiku uliwonse koma phazi lawo silidapondepo mchenga wake, chifukwa tsiku lopuma limathera pochapa, kupemphera ndi kutumiza ndalama kumudzi. Ntchito yanga m'derali itatsala mwezi umodzi kuti ithe, ndidapatula masiku a Loweruka anayi kuti ndiyende m'dera la Noordhoek ndi maso a munthu amene sadzabweranso msanga.

Dzina loti Noordhoek ndi la Chidatchi ndipo limatanthauza ngodya ya kumpoto. Kale derali lidali la minda ya ndiwo zamasamba zomwe ankagulitsa ku zombo zokocheza pa doko la Simon's Town. Lero minda yambiri idasanduka nyumba za anthu opeza bwino ndi makola a akavalo, ngakhale kuti munda wa mpesa ulipo m'mbali mwa phiri.

Loweruka loyamba lidali la kunyanja. Mchenga woyera wa kumeneko ndi wotalika pafupifupi makilomita 8, kuchokera m'munsi mwa phiri la Chapman's Peak kulowera ku Kommetjie. Munthu wozolowera nyanja ya Malawi ayenera kusamala: madzi a Atlantic ndi ozizira mopweteka mafupa ndipo amakoka, kotero kuti anthu ambiri amangoyenda m'mphepete kapena kukwera akavalo. Ndi bwinonso kuyenda pagulu, popeza malowo ndi aakulu ndipo achifwamba amapezerapo mwayi pa munthu amene ali yekha. Chakumwera kwa mchengawo kuli zotsalira za sitima yotchedwa Kakapo. M'mwezi wa May chaka cha 1900, sitimayi ili pa ulendo wa ku Australia, woyendetsa adaona Chapman's Peak mu mdima ndi mkuntho, nayesa kuti ndi Cape Point, pomwe zombo zimakhotera kum'mawa. Adakhota nthawi isanakwane ndipo sitima idatitimira mumchenga. Palibe adafa, pakuti onse adangotsika n'kuyenda pansi. Zitsulo zake zadzimbiri zikuonekabe patapita zaka zoposa 120. Aliyense amene adatsogolerapo komiti ya chitukuko akhoza kuima pamenepo n'kulingalira za ntchito zimene zimatitimira chifukwa mtsogoleri adathamangira kukhota asanafunse anzake ngati phirilo lidali lomwelo.

Loweruka lachiwiri ndidadzera msewu wa Chapman's Peak Drive, womwe umalumikiza Noordhoek ndi Hout Bay. Ndi wa makilomita 9 okha koma uli ndi makona 114, kumtunda thanthwe, kumunsi phompho lothera m'nyanja. Adaumanga pakati pa 1915 ndi 1922, ndipo amene adaswa miyalayo adali akaidi. M'chaka cha 2000 adautseka miyala yogumuka itapha munthu, ndipo adautsegulanso kumapeto kwa 2003 ataika maukonde achitsulo otchinga miyala. Tsopano galimoto imalipira podutsa, ndipo mphepo kapena mvula ikakula amautseka. Amene amadziwa msewu wa Chiweta kapena wa Golomoti amvetsa kuti kumanga msewu m'phiri ndi ntchito yoyamba chabe, yaikulu ndi kuusamala chaka ndi chaka.

Kuchokera pamwambapo munthu amaona bwino zomera za m'mapiri a kumeneko zotchedwa fynbos, zomwe ndi zitsamba zazifupi za masamba ang'onoang'ono. M'mwezi wa March chaka cha 2015 moto waukulu udayamba chakumtunda kwa Muizenberg, nudutsa m'mapiri a Noordhoek mpaka ku Hout Bay. Patapita miyezi yochepa mapiriwo adaphukanso, chifukwa mbewu zambiri za fynbos zimadikira utsi ndi kutentha kuti zimere. Koma mlimi asamve molakwa. Zomerazi zimafuna moto kamodzi pa zaka khumi kapena kuposerapo, ndipo moto ukabwerabwera zimatha zisanabereke mbewu. Kutentha tchire chaka chilichonse posaka mbewa, monga timachitira kwathu, kumasiya nthaka pambalambanda kuti mvula yoyamba iikokolole. Chinanso choti titengerepo phunziro ndi ntchito ya Working for Water, yomwe boma la South Africa lidayambitsa mu 1995. Anthu osowa ntchito amalembedwa kuti azidula mitengo yochokera kunja, monga rooikrans ndi Port Jackson, imene imamwa madzi ambiri ndi kukolezera moto. Nkhuni zake zimagulitsidwa m'mbali mwa msewu kwa owotcha nyama.

Nkhani ya madzi ndi imene anthu a ku Cape Town saiwala. Mvula ya kumeneko imagwa m'nyengo yozizira, makamaka kuyambira June mpaka August, nthawi yomwe ife timakhala titakolola. Itavuta kwa zaka zitatu zotsatizana, damu lalikulu la Theewaterskloof lidatsala pang'ono kuuma, ndipo kuyambira pa 1 February 2018 munthu aliyense ankaloledwa malita 50 okha patsiku. Amenewo ndi ndowa ziwiri ndi theka za malita 20, zomwe mayi wa kumudzi amasenza pamutu m'mawa umodzi. Olemera omwe adaphunzira kusamba ataima m'beseni kuti madziwo akathire m'chimbudzi, ndipo ambiri adagula mathanki okololera madzi a padenga. Mipopi siidatsekedwe monga ankaopera, chifukwa anthu adachepetsa kagwiritsidwe ntchito ka madzi ndipo mvula idabwera.

Loweruka lachitatu ndidalithera ku Masiphumelele, mtunda wochepa kuchokera ku makola a akavalo aja. Dzinali ndi la Chixhosa, kutanthauza kuti tiyeni tipambane, ndipo kale malowa ankatchedwa Site 5. Kumeneko n'kumene kumagona anthu ambiri ogwira ntchito m'nyumba za ku Noordhoek, Fish Hoek ndi Kommetjie, kuphatikizapo Amalawi ndi anthu a ku Zimbabwe. Nyumba zambiri ndi zamalata zothithikana, zina zili m'dambo, ndipo moto ukabuka umapsereza mazanamazana. M'mwezi wa May chaka cha 2008, pamene alendo ankathamangitsidwa m'madera ambiri a South Africa, nakonso kuno masitolo a alendo adathyoledwa. Chosiyana n'chakuti atsogoleri a m'deralo adapepesa poyera, adayenda khomo ndi khomo kutolera katundu wobedwa, ndipo adaitana othawawo kuti abwerere. Pafupi pomwepo pali Ocean View, komwe boma la tsankho lidasamutsira mabanja ochotsedwa ku Simon's Town ndi ku Noordhoek kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Mlendo amene waona nyanja ndi phiri koma osafika m'malo awiriwa waona theka la Noordhoek.

Ku Masiphumelele ndidacheza ndi bambo wina wa ku Mangochi amene wakhala akusamalira dimba la bwana wake kwa zaka zambiri. Adandifotokozera kuti nthaka ya kumeneko ndi mchenga wokhawokha, ndipo mphepo ya kum'mwera chakum'mawa imaiumitsa m'chilimwe, koma ndiwo zimakula bwino chifukwa cha ndowe za akavalo zowoletsedwa pamodzi ndi udzu ndi masamba, komanso kuphimbira nthaka kuti chinyezi chisathawe. Adati akadzabwerera adzayesa zomwezo pa mchenga wa kwawo ndi ndowe za mbuzi. Bambo ameneyu adzafika kumudzi ndi luso lomwe a kasitomu sangalilipiritse msonkho pa Mwanza.

Loweruka lomaliza lidali la m'kamwa. Ndidapita ku doko la Kalk Bay kukadya snoek, nsomba yaitali ya minga ikuluikulu yomwe amaiwotcha pa makala ataipaka jamu wa zipatso za apricot. Kwa munthu wokulira chambo ndi usipa, nsomba yotsekemera ndi yachilendo, koma ndi yokoma. Ndidalawanso gatsby, buledi wamtali wodzaza tchipisi ndi nyama yemwe anthu anayi amagawana. Chimodzi chokha chidandidutsa chifukwa cha nyengo: m'mwezi wa August achule osowa otchedwa western leopard toad amawoloka misewu usiku kupita kukaswana m'maiwe, ndipo anthu odzipereka amatuluka ndi matochi kuwanyamula kuti galimoto zisawaponde.

Akulu adati kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka. Abale athu ambiri ali m'njira yobwerera, ena mwakufuna kwawo, ena mapepala atawavuta. Inu alangizi ndi atsogoleri a makalabu a alimi, munthu wotere akafika m'mudzi mwanu musangoyang'ana kukula kwa chikwama chake. Muitanireni ku msonkhano wa kalabu, mumufunse momwe ankathiririra mbewu madzi atachepa, momwe ankapangira manyowa, ndi momwe ankatetezera dimba ku mphepo. Ndipo inu amene mudakali ku Joni, musanagule tikiti ya basi patulani tsiku limodzi kapena awiri, mutengane ndi anzanu, mukaone malo amene mwawatumikira zaka zonsezi.